Chida chokonzera loboti chinafa, kapena eni ake anangosamuka?

Funso: Ndine mphunzitsi wa Physics pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mangochi, ndipo ndimayang'anira kalabu ya sayansi. Tili ndi mkono wa loboti wa mfundo 6, woyendetsedwa ndi Arduino Mega, umene mnyamata wina wodzipereka anatikonzera asanabwerere kwawo. Anagwiritsa ntchito MoveIt Setup Assistant pa laputopu yakale ya Ubuntu 20.04 yokhala ndi ROS Noetic. Laputopuyo batire lake linatha. Tapeza ina yatsopano ndipo taikamo Ubuntu 24.04, koma ndikalemba sudo apt install ros-noetic-moveit ikungoyankha kuti Unable to locate package. Malangizo amene ndikuwapeza ambiri ndi akalekale. Kodi chida chimenechi alipo akuchisamalirabe, kapena ndisiye kuvutitsa ana ndi chinthu chakufa?

Aphunzitsi, musawabalalitse anawo. Chidacho chili moyo. Eni ake anasamuka, ndiye inu mukuodira pabwinja. Setup Assistant amene mnyamata uja anagwiritsa ntchito ndi wa ROS 1, ndipo ROS 1 inathera pa Noetic, imene anasiya kuisamalira pa 31 Meyi 2025. Chida chomwecho chilipo mu MoveIt 2, yoyenda pa ROS 2, ndipo chimalowa bwinobwino pa Ubuntu 24.04 imene mwaika kale. Komabe "inde" yekha sakuthandizani, chifukwa nditawerenga kalata yanu kawiri ndaona kuti chodzakusowetsani tulo si Setup Assistant ayi, koma Arduino Mega ija, kabolodi kamagetsi koyendetsa mkonowo. Tifikako.

Tiyambe ndi uthenga umene ukukukanani uja. Dzina lonse la ROS, lakuti Robot Operating System, limasocheretsa. ROS siyendetsa kompyuta ngati Windows kapena Ubuntu. Ndi mulu wa mapulogalamu okhala pamsana pa Ubuntu, ndipo mtundu uliwonse wa ROS amaumangira Ubuntu yakeyake. Melodic inali ya 18.04. Noetic, imene inatuluka mu Meyi 2020, ndi ya 20.04. Ku ROS 2, Humble ndi ya 22.04 ndipo isamalidwa mpaka Meyi 2027, pamene Jazzy, ya mu Meyi 2024, ndi ya 24.04 ndipo ifika Meyi 2029. Choncho phukusi lotchedwa ros-noetic-moveit la Ubuntu 24.04 silinachotsedwe, silinapangidwepo n'komwe. Kompyuta yanu ikunena zoona kuti siikulipeza, ndipo ikanayankha chimodzimodzi ngakhale Noetic ikanakhala ikusamalidwabe. Uthengawo si chidziwitso cha maliro.

Lamulo losavuta kulisunga n'lakuti ROS 2 yatsopano imatuluka mwezi wa Meyi chaka chilichonse. Ya chaka chogawika ndi 2 imasamalidwa zaka zisanu, ya chaka chinacho chaka ndi theka chabe. Iron ya 2023 inatha chaka cha 2024 chisanathe. Sukulu isamakhudze zachaka ndi thekazi. Mwa njira, mitundu yonseyi chizindikiro chake ndi kamba, ndipo amakonda kuitulutsa pa 23 Meyi, tsiku lokumbukira akamba padziko lonse. Ana anu amene amaona nkhasi m'mbali mwa Shire adzaseka akamva kuti akatswiri a maloboti anasankha nyama yosafulumira chotero.

Tsono chida chanuchi chimachita chiyani kwenikweni? Ndikufunsa chifukwa yankho lake limachepetsa mantha ndi theka.

Loboti yanu ili ndi fayilo yotchedwa URDF, yofotokoza thupi lake: mafupa angati, aatali bwanji, mfundo iliyonse imazungulira mbali iti ndipo imalekeza pati. Koma MoveIt, kuti ipeze njira yoti mkono uchoke apa ukafike apo osadzigunda, imafuna zambiri kuposa thupi. Imafuna kudziwa kuti mfundo izi pamodzi ndiye "mkono", izi ndiye "chogwirira", kuti kaimidwe kotchedwa home ndi madigiri akutiakuti, ndiponso kuti ndi ziwalo ziti zimene sizingagundane ngakhale zitavuta bwanji, kuti isamataye nthawi kuzifufuza. Chomalizachi ndiye ntchito yotopetsa kuichita pamanja. Setup Assistant imaimika loboti m'makaimidwe ongopeka, 10,000 ngati simunasinthe nambalayo, n'kumaona kuti ndi ziwalo ziti zimakhudzana nthawi zonse poti n'zoyandikana, ndi ziti sizikhudzana n'kamodzi komwe. Ikamaliza imalemba zonsezo mu fayilo ya SRDF, n'kuwonjezera timafayilo ta YAML ndi mafayilo oyatsira, zonse mu foda imodzi imene dzina lake nthawi zambiri limathera ndi moveit_config. Basi, ntchito yake yathera pomwepo. Loboti ikamayenda, Setup Assistant sikhala ikugwira ntchito.

Ndi chikombole choumbira njerwa. Nyumba ikatha, palibe amagona tulo tosakhazikika poganiza kuti chikombole chija chinathyoka. Njerwa zanu ndi URDF, SRDF ndi ma YAML aja, ndipo onsewo ndi mawu wamba oti mukhoza kuwatsegula n'kuwawerenga ndi maso. Chuma cha kalabu yanu chili m'menemo. Chikombole mudzachifunanso pokhapokha mukusintha thupi la loboti kapena mukusamuka, monga panopa.

Mbiri yake nayo imalimbitsa mtima. ROS inayamba cha mu 2007, kuchokera ku ntchito za ku Stanford, n'kukulira ku kampani ya Willow Garage ku California. MoveIt inabadwira komweko, ndipo Setup Assistant anailemba Dave Coleman ali wophunzira ntchito pakampanipo. Willow Garage inatseka, koma ROS inali itapita kale m'manja mwa bungwe la Open Source Robotics Foundation, lokhazikitsidwa mu 2012, ndipo MoveIt inapitirira ndi anthu a m'mayunivesite ndi m'makampani osiyanasiyana, kuphatikizapo PickNik Robotics ya ku Colorado imene Coleman yemweyo anakhala mkulu wake. Kunena kwina, chida chimenechi chinaika kale maliro a kholo lake, chokha n'kutsala. MoveIt 2 inayamba kuoneka mu 2020 ilibe Setup Assistant, ndipo chidachi chinasamutsidwira kumeneko mu 2022, nthawi ya Humble. Kwa zaka ziwiri zapakatizo anthu ankaumba mafayilo awo pa ROS 1 n'kumawasintha pamanja. N'chifukwa chake mukumana ndi malangizo onena motsimikiza kuti "Setup Assistant kulibe ku ROS 2". Sanali kunama pa tsiku limene ankalemba, koma lero ndi bodza. Nkhokwe ya pulogalamuyi pa GitHub, webusaiti yosungira mapulogalamu, nayo inasamuka, kuchoka pansi pa dzina lakuti ros-planning kupita pansi pa dzina lakuti moveit, ndipo ya ROS 2 ndi imene ikutchedwa moveit2. Munthu akatsegula nkhokwe ya moveit yopanda 2 kumapeto, n'kuona kuli zii, amathamangira kulengeza maliro.

Sindikufuna kuti muzidalira mawu anga, chifukwa chimene chili moyo lero chikhoza kusiyidwa zaka zitatu zikubwerazi, ndipo ine simudzandipeza nthawi zonse. Ndi bwino mudziwe kuyeza nokha. Ndipo inu a ku Mangochi mumadziwa kale kayezedwe kake, kungoti munakaphunzirira pamjigo.

Mijigo yambiri imene mumaiona ku Namwera, ku Chimwala kapena kwathu ku Malindi ndi ya mtundu wa Afridev. Anthu ochepa amadziwa kuti pampu imeneyi inayambira kuno ku Malawi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa dzina lakuti Maldev, kenako n'kukamalizidwira ku Kenya, ndiponso kuti mapulani ake si a kampani imodzi: aliyense ndi wololedwa kuipanga ndi kupanga masipeya ake. Imeneyo ndiye open source, tinali nayo pamudzi tisanamve n'komwe mawuwo. Tsono mukafika pamudzi wachilendo, mumadziwa bwanji kuti mjigo uwu ukusamalidwa? Simuwerenga chikwangwani cha bungwe limene linakumba, chifukwa chimangonena za tsiku la nsima ndi nyama lija. Simuyang'ananso utoto. Mumafunsa ngati komiti ilipo, ngati msungichuma ali ndi kabuku, kuti rabala itadyeka komaliza panapita masiku angati asanaisinthe, ndiponso ngati wodziwa kutulutsa ndodo ndi mmodzi yekha kapena alipo angapo. Mijigo iwiri ikhoza kukumbidwa sabata imodzi, wina n'kumatulutsa madzi zaka makumi awiri, winawo ana n'kumamangirirapo mbuzi chaka chachitatu.

Mafunso ndi omwewo. Nyenyezi zimene mumaona pamwamba pa nkhokwe ya GitHub ndi chikwangwani chija: zimanena kuti anthu ambiri anachikonda nthawi ina yake, sizinena za lero. Kuchuluka kwa madandaulo, amene kumeneko amati issues, nakonso kusakuopseni. Mzere wautali wa ndowa ndi umboni woti madzi akutuluka. Mjigo wakufa supanga mzere. Choyenera kuyang'ana n'chakuti madandaulo a miyezi itatu kapena isanu yapitayi alipo akuwayankha, ndipo woyankhayo ndi munthu wokhala ndi kiyi wa nkhokweyo kapena ndi odandaula okhaokha akutonthozana. Kenako tsegulani pamene alemba pull requests, ndiko kuti zokonza zimene anthu atumiza, musankhe zotsekedwa, muone zimene zinalandiridwa posachedwa ndi amene anazilandira. Pulojekiti imene anthu akutumiza zokonza koma palibe wozilandira ili ngati mudzi umene masipeya anagulidwa koma wosunga sipanala anapita ku Joni. Ndipo muwerenge mayina. Ngati chaka chonse wolandira zokonza ndi mmodzi, dziwani kuti mutu umodzi ukusenza denga, ndipo tsiku limene adzapeze ntchito ina kapena mwana wakhanda, denga lidzatera pansi.

Tsiku la commit yomaliza, ndiko kuti kusintha komaliza kolembedwa mu nkhokwe, ndiye limanamiza anthu kwambiri, ndipo limanamiza mbali zonse ziwiri. Poyamba, nkhokwe imodzi imakhala ndi nthambi zingapo, ndipo imene imaoneka mukangotsegula mwina si yanu. Ku moveit2 kuli nthambi ya humble, ya jazzy ndi ya main. Yang'anani yogwirizana ndi ROS yanu. Chinanso, pali mapulogalamu amene sasinthasintha chifukwa anapsa, osati chifukwa anafa. TeX ya Donald Knuth, imene akatswiri a masamu amalembera mabuku awo, anaichotsa zilema mu 2014, n'kudzaikhudzanso mu 2021, ndipo palibe wanzeru amene angaitche yakufa. Ilala yakhala ikuyenda panyanja yathuyi kuyambira 1951. Ukalamba si imfa. Komano chida cha ROS sichingagone zaka zisanu ndi ziwiri ngati TeX, chifukwa nthaka imene chaimapo imasuntha: Ubuntu imasintha, Python imasintha, ROS imasintha. Pamene Python 2 inatha pa 1 Januwale 2020, timapulogalamu tambirimbiri ta maloboti tinafa tili chigonere, popanda wotikhudza. Ndiye kwa chida cha ROS funso lenileni n'lakuti: kodi chatulutsidwira mtundu wa ROS umene ukusamalidwa panopa?

Limenelo mukhoza kuliyankha muli pampando wanu. Mukamaliza kulumikiza laputopu yatsopano ku nkhokwe ya maphukusi a ROS 2, motsatira malangizo a Jazzy a pa docs.ros.org, lembani apt policy ros-jazzy-moveit-setup-assistant. Ikakupatsani nambala, ndiye kuti munthu wina anakhala pansi n'kulitulutsira Jazzy phukusilo. Mudzaona kuti kumapeto kwa nambalayo kuli mawu akuti noble, dzina la Ubuntu 24.04, kenako tsiku. Tsiku limenelo musalikhulupirire mopitirira. Ndi tsiku limene makina omangira maphukusi a ROS analimanganso, ndipo amamanganso lokha phukusi lililonse pamene china chimene limadalira chasintha, ngakhale mwini wake sanalikhudze chaka chonse. Nambala zakumayambiriro ndi zimene zimasintha munthu akagwirapo ntchito. Pa index.ros.org palinso mawu amene osamalira amadzilembera okha pa phukusi lawo: developed, maintained, unmaintained kapena end-of-life. Awiri omalizawo akhulupirireni nthawi yomweyo, chifukwa palibe amadzinamizira imfa. Awiri oyambawo ayeseni kaye, poti munthu akhoza kulemba maintained n'kuiwala kudzasintha atachoka. Chizindikiro chosakayikitsa ndi kachikwangwani kapamwamba pa GitHub konena kuti nkhokweyi yaikidwa archived ndipo ndi yongowerenga. Amenewo ndiye anatsanzika mwaulemu.

Mukayeza MoveIt 2 ndi miyeso imeneyi ikhoza. Sindikuti mulibe zilema, kapena kuti dandaulo lililonse limayankhidwa msanga. Koma imatulutsidwira Humble ndi Jazzy, ili ndi osamalira oposa mmodzi, ndipo ogwiritsa ntchito ndi ambiri moti vuto limene mungakumane nalo wina anakumana nalo kale.

Tibwere kwa inu tsopano. Chinthu choyamba, lero lomwe, musanawerenge china chilichonse: laputopu yakale ija musaifufute, musaibwereketse kwa a kalaliki kuti alembere mayeso, ndipo musavomere ikakufunsani kuti ikwere kupita ku Ubuntu yatsopano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pakali pano makina okhawo padziko lapansi amene amayendetsa mkono wanu ndi amenewo, ndipo alibe batire, kutanthauza kuti magetsi akangothima amazima mwadzidzidzi, mwina ali pakati polemba fayilo. Tengani fulashi ziwiri. Koperani foda yonse ya catkin_ws, makamaka src, ndi foda ya Arduino mmene muli sketch, kapulogalamu kolowetsedwa mu Arduino, ndi ma library ake. Mu foda ya moveit_config muli kafayilo kobisika kotchedwa .setup_assistant, dzina loyamba ndi kadontho silioneka mpaka mutadina Ctrl ndi H, ndiye koperani foda yathunthu osati kusankha mafayilo amodziamodzi. Fulashi imodzi ikhale kunyumba kwanu.

Ndikuumirira chifukwa zinandionekera. Chaka china ndinkathandiza ophunzira a pakoleji ina ndi mkono wofanana ndi wanuwu. Ndinakopera URDF ndi SRDF, n'kudziona wochenjera, n'kufufuta kompyuta yonse kuti tiyambe mwaukhondo. Ndinaiwala kuti sketch ya Arduino inali mu foda ina, ndipo m'menemo munali timanambala sikisi tokonzera ziro wa servo iliyonse (kainjini kotembenuza mfundo), timene munthu wina anatipeza moleza mtima ndi pulotilakita. Arduino sibweza sketch yowerengeka ikailandira. Tinatha Loweruka awiri tikuyezanso, ndipo servo ya pachigongono inapsa titaikankhira kupyola malire ake. Wolakwa ndinali ine, osati pulogalamu.

Kodi mungangokhala pa Noetic? Kwa teremu ino, inde, ndipo musachite nazo manyazi. Kutha kwa chisamaliro sikuzimitsa pulogalamu. Kumangotanthauza kuti chikapezeka chilema kapena chiboo cha chitetezo palibe adzachitseke. Ubuntu 20.04 nayo chisamaliro chake chawamba chinatha mwezi womwewo wa Meyi 2025. Laputopu imene ntchito yake ndi kuyendetsa mkono m'kalasi, yosalumikizidwa ku intaneti, ilibe choopa chachikulu. Ingoipezerani ka UPS kapena batire lina. Palinso gulu la anthu odzipereka limene likupitiriza kumanga ROS 1 pa Ubuntu zatsopano pa dzina lakuti ROS One. Ndimawalemekeza, koma sindingakutumizeni kumeneko. Iwo akuthandiza malabu okhala ndi mapulogalamu a zaka khumi ovuta kusamutsa. Inu muli ndi mkono umodzi ndi ana amene akadzafika ku MUBAS kapena ku MUST, kapena akadzafuna ntchito, adzapeza ROS 2.

Choncho laputopu yatsopanoyo ikhale ya Jazzy. Ikani ros-jazzy-desktop ndi ros-jazzy-moveit kudzera pa apt. Mukaona malangizo okuuzani kumanga MoveIt 2 kuchokera ku source ndi colcon, adutseni. Ntchito imeneyo imadya RAM ndi maola, ndipo m'chipinda cha malata mwezi wa Okutobala ku Mangochi laputopu idzalira ngati chigayo kenako n'kuzima. Ndi ya anthu ofuna kusintha MoveIt yeniyeniyo. Za bandulo, konzekerani mamegabaiti mazanamazana. Pali kachinsinsi kothandiza: lamulo la apt limataya maphukusi likamaliza kuwaika, pamene apt-get imawasunga mu /var/cache/apt/archives. Mukagwiritsa ntchito apt-get, mukhoza kukopera mafayilo a .deb amenewo pa fulashi n'kukaikira kompyuta yachiwiri ya Ubuntu yomweyo osagulanso bandulo. Ndipo magetsi akathima muli pakati poika, musayambirenso zonse. Lamulo la sudo dpkg --configure -a nthawi zambiri limamaliza zimene zinatsala m'njira.

Kusamutsa mafayilo si koopsa monga kumamvekera. URDF ndi zithunzi za ziwalo, ma STL aja, zimawoloka pafupifupi momwe zilili. Chosintha ndi chikuto cha phukusi: package.xml ndi CMakeLists.txt ziyenera kulembedwa mwa ament ya ROS 2 m'malo mwa catkin ya ROS 1. Foda yakale ya moveit_config musalimbane nayo kuti iyende pa ROS 2, chifukwa mafayilo ake oyatsira ndi a ROS 1. Yatsani chida chatsopano ndi ros2 launch moveit_setup_assistant setup_assistant.launch.py, musankhe kupanga phukusi latsopano, muchipatse URDF yanu, ndipo SRDF yakale muitsegule pambali ngati kope la mnzanu wakhoza bwino: mayina a magulu ndi manambala a makaimidwe muzikopera kuchokera m'menemo, pokumbukira kuti ali mu ma radian, osati madigiri. Chitani zimenezi pa laputopu yeniyeni, osati pa Raspberry Pi kapena pa Ubuntu yoyendera mkati mwa Windows, chifukwa chidachi chimajambula loboti ndi zida za RViz zofuna OpenGL yoyenda bwino. Mukamaliza mudzapeza fayilo ya demo.launch.py. Imeneyo imayendetsa loboti yongoyerekeza pa sikirini, ndipo ana akhoza kukoka mkono ndi mausi, kudina Plan, n'kuona njira ikupezeka popanda kuotcha servo ngakhale imodzi. Ine ndikanati milungu itatu yoyamba ya kalabu ithere pamenepo.

Tafika pa Arduino paja. Tsegulani sketch, muone mizere yapamwamba. Mukapeza #include <ros.h>, ndiye kuti mnyamata uja anagwiritsa ntchito rosserial, kapulogalamu kolumikiza Arduino ku ROS, monga ankachitira pafupifupi aliyense nthawi ya ROS 1. Apa ndiye pali bwinja lenileni. Eni ake a rosserial sanaitulutsire ROS 2. Cholowa m'malo mwake ndi micro-ROS, koma imeneyo imafuna tchipi ya 32-bit yokhala ndi malo okwanira, monga ESP32 kapena Raspberry Pi Pico. Mega yanu ili ndi RAM ya 8 KB, Uno ili ndi 2 KB, micro-ROS silowamo. Ndi mmene zimakhalira kawirikawiri: munthu amadera nkhawa chida chachikulu chodziwika, chikhalirecho chimene chafa ndi kachingwe kakang'ono kolumikiza chidacho ku loboti yake.

Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kugula ESP32 n'kuphunzira micro-ROS, koma mudzasinthanso mawaya, ndipo ESP32 imayendera 3.3 V pamene Mega ndi ya 5 V, zimene zimafuna kusamala. Kapena, ndipo iyi ndi imene ndingasankhe ndikanakhala inu, chotsani ROS mu Arduino kotheratu. Mega izingolandira mzere wa mawu wamba pa USB, manambala sikisi olekanitsidwa ndi makoma, n'kumatembenuza ma servo. Ku laputopu mulembe kapulogalamu ka Python komvetsera /joint_states, kumene loboti yoyerekeza ija imalengeza kaimidwe kake, kosintha ma radian kukhala madigiri n'kutumiza pa serial, ndiko kuti pa USB paja. Mkono weniweni uzingotsanzira wa pa sikirini. Katswiri wa m'fakitale akhoza kunyogodola, poti kompyuta siidziwa ngati mkono wafikadi pamene wauzidwa. Njira yake yoyenera ndi kulemba hardware interface ya ros2_control. Koma ma servo wamba a m'makiti sabweza uthenga wa pamene ali, ndiye palibe chimene mukutaya. Phindu lake n'lakuti kapulogalamuko n'kakafupi, mwana wa Fomu 3 wokonda zinthu akhoza kukamvetsa mzere uliwonse, ndipo ROS ikadzasinthanso Arduino simudzaikhudza. Wosamalira kachidutswa kameneko mudzakhala inu ndi ana anu. Musakhale nokha odziwa kutulutsa ndodo: sankhani awiri a Fomu 2 aziphunzira, ndipo zonse zimene mwachita zilembedwe mu fayilo ya README komanso mu kope lenileni la pepala losungidwa mu labu. Mnyamata uja akanachita zimenezo bwenzi kalatayi musanalembe.

Mwina tsiku lina mudzafuna kufunsa eni ake a pulogalamu inayake funso lomwe mwandifunsali. Kufunsa si kulakwa, safunsa anadya phula, koma kafunsidwe kali ndi kanthu. MoveIt ili pa chilolezo cha BSD, chimene chimakupatsani ufulu wogwiritsa ntchito, kusintha ndi kugawa, n'kunenanso m'zilembo zikuluzikulu kuti mwalandira chinthucho momwe chilili, popanda lonjezo. Ambiri mwa osamalira mapulogalamu otere amachita zimenezi usiku, ataweruka ku ntchito yowalipira. Uthenga wongoti "kodi ichi chikusamalidwabe?" kwa iwo umamveka ngati munthu wosasonkha ya mjigo amene wabwera kudzakalipira komiti. Pali nkhani imene inatiphunzitsa kuti mawu amenewa akhoza kukhala chida choipa. Pulogalamu ya xz Utils, yopanikiza mafayilo, imene ili pafupifupi mu Linux iliyonse, kwa zaka zambiri inali m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo iye ananena poyera kuti watopa. Mu 2022 kunayamba kubwera mauthenga omudandaula kuti sakusamalira ntchito yake, apereke kiyi kwa wina. Anapereka kwa wothandiza wina wodzitcha Jia Tan, amene anali ataonetsa khama kwa nthawi yaitali. Mu Malichi 2024 injiniya wina, Andres Freund, anadabwa kuti kulowa mu kompyuta kudzera pa SSH, njira yolowera uli kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, ndipo atafufuza anapeza khomo lachinsinsi limene wothandiza uja anabisamo. Taonani kuti nthawi imeneyo nkhokwe ya xz inkaoneka yamoyo kwabasi, ma commit ali mbwee.

Ndiye mukamalemba, nenani Ubuntu yanu, ROS yanu, nambala ya phukusi, lamulo limene munalemba, ndi uthenga wonse umene unatuluka, wokopera ngati mawu osati chithunzi cha pafoni. Nenani zimene mwayesa kale. Mukafuna kudziwa za tsogolo, funsani ngati pali malingaliro otulutsira Jazzy ndiponso ngati mungathandize poyesa. Ndipo vuto likatha, bwererani mukanene chimene chalithetsa, kuti mphunzitsi wina wa ku Karonga kapena ku Peru adzachipeze.

Sabata ino, aphunzitsi, ndi fulashi ziwiri zija basi. Mukatsegula sketch, mundilembere mizere khumi yoyambirira ndi dzina lolembedwa pa servo ya paphewa. Ngati ndi MG996R kapena abale ake, mundiuzenso kumene ikutenga magetsi, chifukwa ma servo sikisi oterowo sayenera kudyera pa 5 V ya Arduino, ndipo mkono ukamanjenjemera anthu amathamangira kunamizira MoveIt.